Ng'oma Yosatsekedwa

Nkhani ya Yotamu Mulipa ndaimvapo ikukambidwa m'minibasi ya ku Bangwe, pa maliro ena ku Chigumula, ngakhalenso kometetsa tsitsi. Aliyense amathirako kamchere kake. Ena amati chinsalu cha kanema chinayaka moto, ena amati anthu anakomoka holo yonse. Zonsezo n'zabodza. Ine ndinalipo, ndine ndinkayendetsa makina oonetsera kanema, ndipo ndikuuzani zokhazo zimene ndinaona ndi kumva. Pamene sindikudziwa, ndinena kuti sindikudziwa.

Ndinaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale zaka makumi atatu. Nditapuma ntchito ndinatsala ndi makina akale a kanema, aja a mipukutu, olira ngati makina osokera. Makina amenewo ndiwo anandikumanitsa ndi Yotamu ndi mnzake Lameki Sapuwa.

Awiriwa anakulira mzere umodzi wa nyumba ku Bangwe. Anayamba ndi gitala ya chigubu cha mafuta ndi ng'oma za zitini, ndipo atakula Lameki anakhalabe pa gitala, Yotamu pa ng'oma. Gulu lawo linali la anthu anayi. Nyimbo zawo zinali za roko, koma zachilendo: zopanda mawu, zazitali mpaka mphindi makumi awiri, zosinthasintha kamenyedwe moti wofuna kuvina ankatsala mwendo uli m'malere. Ankaziimba atakhala pansi pa chinsalu pamene pankaoneka mafilimu akalekale a azungu, aja opanda mawu, a anthu opaka nkhope zoyera ndi oyenda mothamanga. Ku ukwati sankaitanidwa, koma anali ndi owakonda awo.

Tsiku lina Lameki anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, tidzaimbira mizukwa ya ku Ulaya mpaka liti? Kwathu kuno kunalibe wojambula?"

Ndinafunsafunsa. Munthu wina amene ndinamuphunzitsa kale, yemwe anali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, anandipezera zitini zinayi zozungulira m'nyumba yosungira katundu. Mipukutu itatu inali ya anthu akuthyola tiyi, mzungu ndi agalu ake, ndi galimoto itatitimira m'matope. Pa chitini chachinayi panalembedwa ndi pensulo chaka cha 1928 ndi dzina la mudzi. Yotamu ataliwerenga anaseka.

"Kumeneku ndi kwawo kwa amayi."

Unali mpukutu wa maliro, wa mphindi zisanu ndi imodzi. Anthu ankayenda pa mzere atanyamula mtembo pa chithatha. Kenako wojambula anatembenukira kwa bambo wina atakhala pansi pa mtengo, ng'oma yayitali ili pakati pa miyendo, ndipo anakhazikika pa manja ake nthawi yayitali. Panabwera bambo wachiwiri, nagwada, nalowetsa manja ake pansi pa manja a woyambayo, woyambayo n'kudzuka popanda ng'oma kuima ngakhale kamodzi. Pamenepo filimu inathera, chinsalu n'kuyera mbee, dzanja la woombayo lili m'mwamba.

Yotamu ndiye anaganiza zowerenga manjawo. Ng'oma yake sinkamveka, koma manja ankaoneka. Kwa milungu itatu, masana aliwonse, tinkatseka ndi mabulangete mawindo a galaja ina ya ku Limbe imene gululi linkayesereramo, ine n'kumayendetsa filimu pang'onopang'ono, iye akutsanzira dzanja ndi dzanja pa ng'oma yayitali imene anabwereka. Kamenyedwe kake kanali kotsimphina, ngati munthu woyenda atasenza katundu wolemera mbali imodzi. Tsiku limene anakapeza, Enelesi, mtsikana wa kiyibodi, anachotsa manja pa chida chake.

"Ine thupi lachita tsembwe," anatero.

"Ndiye kuti tapeza golide," anayankha Lameki. Laputopu yake inali yotsegula. Ankajambula mawu a chilichonse chimene ankayeserera, ndipo tonse tinkadziwa zimenezo.

Zachilendo zinayamba pang'onopang'ono, moti chilichonse pachokha sichinali kanthu.

Filimu ikatha, Yotamu n'kusiya, tinkamva mapazi panja pa timiyala ta pakhomo. Sanali mapazi obwera kapena opita, anali ngati anthu amene amayenda ndiye aima. Ine ndinati ndi mbuzi za oyandikana nawo. Enelesi anatsegula chitseko, panalibe mbuzi.

Lachinayi lina tinapeza mipando yathu yonse isanu itatulutsidwa, itandandalikidwa kukhoma kunja, monga amachitira pa nyumba imene pagwa zovuta. Loko anali wokhoma. Lameki anati mwini galaja ali ndi kiyi wina, mwina amafuna kusesa. Mwini galajayo anali ku Lilongwe sabata yonseyo.

Kenako kunabwera za nthambi. Mukudziwa kuti pakakhala maliro amayala nthambi zaziwisi pamsewu, uku ndi uko, kuti odutsa achepetse liwiro. Tinazipeza zitayalidwa bwinobwino, galaja yathu ili pakati. Anjinga ankatsika, amuna akuvula zipewa. Tinafunsa nyumba zonse zapafupi, kunalibe amene anamwalira. Ndinati ndi masewera a ana, ndipo ndinazichotsa ndekha. Mawa lake zinaliponso zina, masamba ake asanafote.

Tsiku lomwelo, dzuwa likupendeka, ndinakumana ndi mayi wina wokalamba pa mphambano. Analibe nsapato, anasenza kadengu ka ufa, ndipo nsalu anaimanga m'khwapa mapewa ali pamtunda. Anagwada pambali pa msewu monga ankachitira amayi akale.

"Tamva ng'oma," anatero. "Siwa ili pati?"

"Kuno kulibe maliro, mayi."

Anandiyang'ana ngati ndine wosokonezeka. "Nanga atiitaniranji?"

Okalamba osokonezeka mutu alipo ambiri m'tauni, ndipo ndinadziuza choncho. Koma nditamufotokozera Yotamu, iye sanaseke. Loweruka tinakwera basi limodzi kupita kwawo kwa amayi ake, kukaona malume ake, a Nakhumwa.

A Nakhumwa anali a zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, maso atayamba kuchita khungu. Titalonjerana, Yotamu anafotokoza za filimu, kenako anayamba kuomba pa mawondo ake kuti amve. Sanafike patali. Nkhalambayo inamugwira pamkono mwamphamvu moti ndinadabwa.

"Iwe Yotamu, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Ndaonera pa kanema, malume."

"Kanemayo anakuonetsanso potsekera pake?"

Yotamu anandiyang'ana. Ndinayankha kuti filimu inathera pakati.

Apa a Nakhumwa anatiuza. Inali ng'oma yoperekeza. Inkayamba mtembo ukamatuluka m'nyumba, ndipo sinkaloledwa kuima kufikira manda atakwiriridwa, chifukwa operekeza maliro si amoyo okha. Amene anatsogola kale amabweranso kudzatenga mnzawo, ndipo amayenda ndi ng'omayo. N'chifukwa chake oomba ankalandirana manja popanda kudukiza. Wolandira ndiye ankasenza ulendo wonse mpaka wina amulandire. Pamapeto pankakhala kamenyedwe kena kotsekera, kowauza kuti bwererani kwanu. Kameneko kankadziwika ndi banja limodzi lokha, ndipo womaliza wa banjalo anafa pa njala ya 1949.

"Ine ndinkangomva ndili mwana," anatero a Nakhumwa. "Kuyamba ndingathe kukuzindikira. Kutseka sindidziwa, ndipo palibe amene akudziwa. Mwaomba kangati?"

"Kambirimbiri. Koma m'galaja, tili asanu basi."

"Ndiye akungosuzumira, akuona kuti palibe khamu. Mukadzaiomba pa gulu la anthu adzati maliro afika. Akabwera sadzafunsa kuti mwini filimu ndani. Adzafuna mwini manja."

Pobwerera ndinamuuza Yotamu maganizo anga, kuti miyambo yotere ndinaiwerengapo m'mabuku, ndipo nthawi zambiri inali njira yopatsira maliro ulemu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mwina n'zoona, aphunzitsi," anatero. "Koma manja ndi anga."

Vuto linali loti kunali chionetsero chachikulu mu holo ina mu Blantyre patangotsala milungu iwiri, ndipo kunkabwera alendo akunja odzasankha gulu loti likaimbe kwawo. Nyimbo ya mpukutu wachinayi ndiyo inali msana wa zonse zimene anakonza. Lameki atamva kuti Yotamu sakufunanso kuiomba anataya chingwe cha gitala pansi.

"Aise, zaka khumi ndi zisanu tikuimbira anthu makumi awiri ndi agalu awo. Lero mwayi wabwera, iwe ukuti agogo aletsa?"

"Ndi malume, si agogo."

"Kaya ndi malume kaya ndi papa wa ku Roma! Nthambi zija ndi ana, aphunzitsi anena kale."

"Tiimbe mipukutu itatu ija."

"Ya tiyi ndi agalu? Azungu akwere ndege kudzaona agalu a agogo awo?"

Anakangana mpaka Enelesi anatuluka. Pamapeto Yotamu analankhula motsitsa mawu.

"Lameki, sindinakukanirepo kanthu. Unati tisiye ntchito ku fakitale, ndinasiya. Ichi chokha ndikukupempha."

Lameki anakhala pansi, nagwira mutu. Anagwirizana kuti mpukutu wachinayi uonetsedwe, koma popanda ng'oma. Padzangomveka kiyibodi ndi gitala chapansipansi, Yotamu atapinda manja. Yotamu anapemphanso kuti zimene zinajambulidwa zifufutidwe. Lameki anatembenuza laputopu kuti tonse tione, nafufuta chimodzichimodzi.

"Ndalumbira pa manda a mayi anga," anatero. Mayi akewo Yotamu anawanyamula nawo pa tsiku la maliro awo, choncho mawuwo anamukwanira. Anakumbatirana. Kuyambira tsiku limenelo nthambi sizinaonekenso pamsewu.

Chionetsero chinayamba cha m'ma sikisi madzulo. Mu holo munali anthu pafupifupi mazana atatu. Ine ndinali kumbuyo kwenikweni ndi makina anga, pafupi ndi zitseko. Mipukutu itatu inayenda bwino, anthu anaseka galimoto ya m'matope ija. Ndinakoleka wachinayi. Anthu a chithatha anayamba kuyenda, Enelesi anagwira liwu limodzi lalitali, Yotamu anaika timitengo take pansi napinda manja monga anapanganirana.

Wojambula atatembenukira kwa bambo wa pansi pa mtengo uja, ng'oma inalira m'masipika.

Inali ya Yotamu. Ndinaizindikira, chifukwa ndinaimvera milungu itatu. Inkagwirizana ndi manja a pa chinsalu ndendende, moti holo yonse inapuma kamodzi. Pambuyo pake tinadziwa kuti Lameki anali atasunga zonse pa fulashi asanafufute.

Yotamu anaimirira. Sanakuwe. Anangomuyang'ana mnzakeyo, ndipo kuwala kwa chinsalu kunkamuwalira nkhope moti ndinaiona bwino ngakhale ndinali kutali. Inali nkhope ya munthu amene akudikirabe kuti auzidwe kuti kwachitika ngozi, kuti chala chaterereka. Lameki anaweramira gitala yake, ndipo sanadzutse mutu.

Zitseko za kumbuyo kwanga zinatseguka. Ndinamva mphepo yozizira pakhosi, ndi fungo la dothi lonyowa longokumbidwa kumene, ngakhale unali mwezi wa Okutobala ndipo mvula inali isanagwe. Kenako mapazi, ambiri, opanda nsapato, akukhwekhwereza pa simenti motsatira ng'oma. Anadzaza mpata umene unali kumbuyo kwanga ndi m'mbali mwa makoma. Wina anandikhudza chigongono podutsa, monga amachitira munthu wopempha njira. Sindinacheuke. Ndikanatha kunena kuti ndinali kuyang'anira makina, koma zoona zake n'zoti sindinafune. Chimene ndinaona ndi ichi: m'munsi mwa chinsalu munayamba kudutsa mithunzi ya mitu, pamene anthu onse amene ndinkawaona anali atakhala pansi.

Yotamu anapita pa laputopu, dzanja lake n'kufika pa chingwe, koma sanachizule. Ndikhulupirira kuti anakumbukira mawu a malume ake, kuti ng'omayo siimitsidwa. Anayang'ana chinsalu. Bambo wachiwiri uja anali akugwada, ndiye kuti panatsala masekondi ochepa kuti zonse zithe. Anathamangira kumbali kwa nsanja kumene anaika ng'oma yayitali ija kuti aibweze kwa mwini wake, naikoka, naiika pakati pa miyendo. Chinsalu chitayera, masipika atakhala chete, manja ake analandira popanda kuphonya.

Anthu anaomba m'manja, ena ataimirira. Ankayesa ndi mmene anakonzera. Alendo akunja aja ankajambula ndi mafoni. Yotamu anapitiriza kuomba mphindi zisanu, kenako khumi. Magetsi anayatsidwa, ndipo kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Anthu anayamba kuyang'anana, n'kumatuluka mmodzimmodzi osalankhula, monga amatulukira ku manda.

Lameki anamuyandikira akuseka kuseka kwa mantha.

"Basi, aise, zatha. Tapambana. Wawaona azungu aja?"

"Unafufuta ndikuona," anatero Yotamu, manja akuyendabe.

"Ndinachitira tonse. Ukanakana. Taona, palibe chachitika. Siya tsopano."

"Ndikasiya aima. Akaima akuyang'ana ine."

Lameki anamugwira dzanja lamanja kuti amuletse. Ng'oma inadukiza kamphindi kochepa chabe. Mu holo munali anthu asanu ndi awiri okha panthawiyo, ndipo tonse tinamva mipando ya mzere wakutsogolo ikukhwekhwerezeka, ngati anthu aikankha ndi mawondo posendera pafupi. Lameki anamusiya. Enelesi anayamba kupemphera mokweza.

Mkazi wa Yotamu, Malita, anabwera kudzamutenga pa takisi. Yotamu anachoka pa ng'oma n'kusamukira pa mawondo ake, ndipo anakwera galimoto akuomba. Kuchipatala anati ndi matenda a mitsempha ndi maganizo. Matenda otere alipo, ndinawawerengapo, ndipo sindikutsutsa madokotala. Mankhwala ankamugonetsa, koma Malita anandiuza kuti ngakhale ali m'tulo zala zimayendabe pachifuwa. Abusa anabwera, asing'anga anabwera. A Nakhumwa anayenda midzi isanu ndi umodzi kufunsa okalamba za kamenyedwe kotsekera, osapeza. Pomaliza banjalo linasamukira kumudzi.

Lameki anasankhidwa. Anapita kunja ndi woomba ng'oma wina, koma mpukutu wachinayi ndinamukaniza. Patatha miyezi isanu ndi itatu anafika pakhomo panga atanenepa pang'ono, atavala jekete labwino, maso ali ofiira.

"Aphunzitsi, ndiperekezeni. Ndekha sindingathe."

Tinafika kumudzi pa galimoto cha m'ma leveni m'mawa. Yotamu anali pakhonde, atatsamira chipupa. Anali ataonda kwambiri. Pa mawondo anamuyalira chiguduli chopindapinda, ndipo zikhatho zake zinali zong'aluka ngati za munthu woswa miyala. Kamenyedwe kotsimphina kaja kankamveka chapansipansi, kosaima. Malita anakhala pamphasa chapafupi ndi khanda la miyezi itatu, mbale ya phala ndi supuni zili pambali. Phalalo linali la mwamuna wake, ndipo ndiye ankamudyetsa.

Lameki anaika thumba la shuga ndi sopo pansi, nakhala pa njerwa. Analankhula nthawi yayitali. Anati sankakhulupirira, anati ankafuna kuti apite onse awiri, anati kunjako sanagone tulo tabwino ngakhale tsiku limodzi. Analira, ndipo ndikhulupirira kuti misoziyo inali yeniyeni.

"Kunazizira?" anafunsa Yotamu.

"Eti?"

"Kunjako. Tinkati tikadzafika tidzagula majekete ofanana."

Malita anayang'ana kumbali.

"Ndikhululukire, mbale wanga," anatero Lameki, natambasula dzanja. Linakhala m'malere, chifukwa panalibe dzanja loti lilandire. Analibweza mwamanyazi.

"Kukhululuka si kovuta," anatero Yotamu. "Ndakhala ndi nthawi yambiri yoganiza. Koma pali chimene ndikufuna. Ng'oma iyi umaidziwa. Unaimvera kuposa ine, unaikonza wekha pa laputopu. Gwada apa, ulowetse manja pansi pa anga. Undilandire pang'ono chabe."

Lameki anayang'ana chiguduli chija.

"Mwana uyu anabadwa ndili chonchi," anapitiriza Yotamu. "Sindinamunyamulepo. Sindikudziwa kulemera kwake. Ndimunyamule, ndimuyendetse kufika pa mtengo wa mango apo, ndibwerere, ndilandirenso. Basi."

Malita anali atayamba kale kumasula mwana mu nsalu.

"Ukabwerera udzalandiradi?" anafunsa Lameki.

Yotamu anamuyang'ana, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anamwetulira.

"Ukuopa kuti ndingakunamize?"

Lameki anagwada. Ndinamuona akubweretsa manja pafupi, mpaka zala zake zinatsala pang'ono kukhudza chiguduli. Anakhala choncho, milomo ikuwerenga kamenyedwe, kamodzi, kawiri, katatu, akudikira polowera. Polowera panafika, panadutsa. Panafikanso, panadutsa. Kenako anaimirira, nasasa fumbi la m'mawondo, nanena kuti wayiwala kanthu m'galimoto. Tinamumva akutseka chitseko chake, ndipo sanatulukenso.

Malita anamangiranso mwana mu nsalu. Yotamu anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kuyang'ana ine. Sanandipemphe. Ankadziwa kuti ndinakhala naye milungu itatu m'galaja muja, ndipo kamenyedweko ndimakadziwa ngati dzina langa. Ankadziwanso kuti ine ndi amene ndinkati ndi mbuzi, ndi ana, ndi matenda a mitsempha. Ngati zinali choncho, kugwada mphindi ziwiri sikukanandichotsera kanthu.

Ndinatsanzika mwaulemu, ndinawafunira mwana moyo wabwino, ndipo ndinayenda kupita ku galimoto manja anga onse awiri ali m'matumba.